17 Meyi ku Norway: mawu kwa inu amene mukupita kukaphunzira kumeneko

Amene mwapeza mwayi wokaphunzira ku Norway, ndipo nthawi yanu ikudutsa mwezi wa Meyi, muike chovala chimodzi chapamwamba m'chikwama musananyamuke. Ndikunena chija mungavale pa ukwati wa mchemwali wanu, osati cha m'kalasi. Za majekete ndi nsapato za m'chisanu aliyense adzakukumbutsani, koma za chovala cha pa 17 Meyi ambiri amaiwala kunena, pomwe ndi tsiku limene dziko lonse limatuluka panja litatchena.

Ine ndinapita mu 2023, kuchokera ku Bunda kupita ku NMBU, yunivesite ya zaulimi ndi zachilengedwe yomwe ili ku Ås, tauni yaing'ono kumwera kwa Oslo. Masukulu awiriwa akhala pa ubale kwa zaka zambiri, moti si zachilendo kukumana ndi Mmalawi kumeneko. Ndinafika mu Januwale, dzuwa likumalowa cha m'ma 4 koloko masana. Anthu ndinawapeza aulemu koma osayankhulayankhula. M'basi munthu amalolera kuima kusiyana n'kukhala mpando umodzi ndi wosamudziwa. Woyandikana naye chipinda tinkangogwedezerana mutu m'khitchini, aliyense n'kumaphika zake. Kenako mu Malichi namondwe wa Freddy anagwa kummwera kwathu, phiri la Soche kugumukira anthu ku Chilobwe, madzi kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo ine ndinkachezera pa foni kufunsa za abale. Pofika Meyi mtima wa chikondwerero ndinalibe. Mayeso nawo anali atafika pakhomo.

Kumayambiriro kwa mweziwo mnzanga wa mu labu, mtsikana wa ku Oslo, anandifunsa: "Pa 17 ukadya kuti kadzutsa?" Ndinati m'chipinda mwanga. "Ayi, zimenezo sizingatheke. Ubwere kwa amayi anga 8 koloko. Uvale bwino, ndipo utenge kenakake kodya." Ndinavomera pompo, ndipo inunso mudzatero. Kwathu timayamba takana mwaulemu, kudikira kuti atikakamize, ndipo woitanayo amadziwa kuti ayenera kubwereza. Kumeneko ukati "musavutike", amamva kuti sukufuna, amakulemekeza pokusiya, nkhani n'kuthera pomwepo. Komanso saitana munthu mongokwaniritsa mwambo. Kadzutsa wa tsiku limeneli ndi wa abale ndi mabwenzi enieni, mipando pa tebulo imawerengedwa, ndiye akakuitana ndiye kuti akuganizira ndithu.

Musanakhale pa tebulo limenelo dziwani chimene anthu akukondwerera, chifukwa nkhaniyo idzatuluka. Alendo ambiri amayesa kuti ndi tsiku la ufulu wodzilamulira monga 6 Julaye wathu, koma mbiri yake ndi yokhotakhota. Norway inakhala pansi pa mafumu a ku Denmark kwa zaka pafupifupi 400. Denmark itapezeka kumbali yogonja pa nkhondo za Napoleon, pangano la ku Kiel la mu Januwale 1814 linapereka Norway kwa mfumu ya Sweden, eni dziko osafunsidwa. Iwo anakana. Amuna 112 anasonkhana ku Eidsvoll, kumpoto kwa Oslo, n'kulemba malamulo oyendetsera dziko, ndipo pa 17 Meyi 1814 anatsiriza ntchitoyo n'kusankha mfumu yawoyawo, Christian Frederik. Ufuluwo sunakhalitse. Sweden inabwera ndi nkhondo miyezi yomweyo, ndipo pofika Novembala mayiko awiriwa anali pansi pa mfumu imodzi, mpaka 1905. Koma malamulo aja, pamodzi ndi nyumba yawo ya malamulo yotchedwa Storting, anatsala m'manja mwa eni ake, ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero. Chimene amakondwerera ndi malamulowo. Mfumu Karl Johan, yomwe inkalamulira Sweden ndi Norway pamodzi, sinkalikonda tsikuli, inayesa kuliletsa, ndipo mu 1829 asilikali a pa akavalo anabalalitsa khamu la anthu pa bwalo la msika mumzinda wa Oslo, womwe nthawi imeneyo unkatchedwa Christiania. Anthu sanasiye. Mu 1870 mumzindamo munayamba ligubo la ana asukulu, mlembi Bjørnstjerne Bjørnson ali mmodzi mwa olilimbikitsa. Poyamba anali anyamata okhaokha, atsikana analowamo mu 1889, ndipo ligubo limeneli ndilo lasanduka mtima wa tsiku lonse.

Pa 16 konzani zonse. Masitolo ambiri amatseka pa 17, ndipo mu 2023 tsiku lotsatira linalinso la tchuthi, lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu, moti amene sanagule chakudya Lachiwiri anavutika mpaka Lachisanu. Yang'anani kalendala, Meyi wa ku Norway ndi wodzaza ndi matchuthi. Gulani kambendera ka pa kamtengo ndi riboni ya mitundu itatu, yofiira, yoyera ndi yabuluu, yomwe amabaya pachifuwa ndi phini. Zimapezeka ngakhale m'masitolo a zakudya, ndipo sizidula. Sitani zovala madzulo omwewo. Usiku umenewo ndi wa phwando kwa achinyamata, makamaka omwe akumaliza sekondale, otchedwa russ. Mudzawazindikira ndi maovolosi ofiira kapena abuluu omwe amavala kwa masabata angapo, komanso mabasi awo a nyimbo zogonthetsa m'kutu. Ngati mukufuna kudzaona za m'mawa, gonani msanga, chifukwa magulu a malipenga ndi ng'oma a ana asukulu amayamba kuzungulira m'misewu anthu asanadzuke bwino.

M'mawa pa siteshoni ya sitima ndinapeza ngati ndi anthu ena, osati aja a majekete akuda ndinawazolowera m'chisanu. Amayi ndi atsikana anali atavala bunad, chovala cha makolo awo: siketi yaitali ya ubweya wa nkhosa, malaya oyera, maluwa opeta ndi manja, ndi tizitsulo tasiliva tolendewera pachifuwa tomwe timalira munthu akamayenda. Dera lililonse lili ndi yakeyake, ya ku Hardanger ina, ya ku Telemark ina, ya ku Nordland ina, ndipo wodziwa amangoyang'ana n'kunena komwe agogo ako anachokera. Imodzi ikhoza kufika pa 40,000 kroner kapena kuposa. Atsikana ambiri amapatsidwa ali ndi zaka 14 kapena 15, pa mwambo wa ulimbitso, n'kuivala moyo wonse, kumangofutukula m'chiuno thupi likasintha. Abambo ena ali ndi bunad yawo, koma ambiri amavala suti ndi tayi.

Ine ndinavala chilundu chomwe telala wa pa Mitundu anandisokera, duku lake kumutu, jekete pamwamba chifukwa kamphepo ka m'mawa kanali kozizirabe. Musadzivutitse kufunafuna bunad yobwereka. Tsikuli aliyense amavala chapamwamba cha kwawo, ndipo chilundu kapena malaya a chitenje osokedwa bwino amalowa m'khamumo popanda kufotokoza. Anthu omwe miyezi yonse sankandiyang'ana m'maso anayamba okha kundiyankhula. Mayi wina wachikulire m'sitima anapempha kuti agwire nsonga ya nsalu yanga, anafunsa kuti ndi ya dziko liti, kenako anandionetsa maluwa a pa siketi yake n'kunena kuti anapeta ndi amayi ake. Moni wa tsikulo ndi "Gratulerer med dagen". Umauza aliyense, woyendetsa basi, wapolisi, mwana, ndipo wokuuzayo umamubwezera mawu omwewo. Muuphunzire bwino. Nsapato zokha musankhe zosapweteka, chifukwa mudzaima nthawi yaitali pa miyala.

Banja la mnzangayo limakhala kum'mawa kwa Oslo, m'nyumba yosanja. Nsapato tinavulira pakhomo, monga amachitira m'nyumba zonse kumeneko ngakhale munthu atatchena bwanji. Pakhonde panali mbendera, m'nyumba muli nthambi za mtengo wa birch zomwe zinali zitangophuka masamba, tebulo litadzaza: mazira okazinga, nsomba ya salmon yowamba, nyama zouma zodula mopyapyala, buledi, tchizi, sitiroberi, keke yaikulu ya kirimu, ndi shampeni m'mawa wa 8 koloko. Osamwa mowa musade nkhawa, mukangonena amakupatsani juwisi ndipo palibe amene amafunsa chifukwa. Aliyense anabwera ndi mbale yake. Ine ndinatenga mandasi omwe ndinakazinga dzulo lake, ndipo ana anawamaliza tisanakhale pansi bwinobwino. Tengani cha kwathu chomwe mumachidziwa kuphika, chimayambitsa macheza. Mayi wa pakhomopo anandiuza dzina lawo kuti ndiziwaitanira, pakuti kumeneko ngakhale pulofesa amaitanidwa ndi dzina loyamba. Ndinawapempha kuti andilole ndiziti "amayi" monga timachitira kwathu kwa kholo la mnzathu. Anasangalala nazo, ndipo mpaka lero ndimawatchula choncho.

Kumutu kwa tebulo kunali agogo aamuna a zaka 85. Anandiitana kuti ndikhale pafupi nawo. "Mwanawe, kwanu tsiku lotere limakhala liti?" Ndinawauza za 6 Julaye 1964. Anagwedeza mutu, kenako anayamba kusimba zawo. Iwo ali mwana tsikuli linali loletsedwa. Ajeremani analanda Norway mu Epulo 1940 n'kukhala zaka 5. Kukondwerera 17 Meyi unali mlandu. Ngakhale chipewa chofiira choluka chinaletsedwa, chifukwa anthu ankachivala posonyeza kuti sakugonja, ndipo ena ankapana kawaya kopanira mapepala pa kolala ya jekete kutanthauza kuti ali pamodzi. Nkhondo inatha kwa iwo pa 8 Meyi 1945, ndipo patangopita masiku 9 ana anatuluka ndi mbendera. Agogowo anali ndi zaka 7, anali asanayendepo m'ligubo. Amayi awo anatulutsa mbendera yomwe anaibisa pansi pa zovala m'bokosi nthawi yonse ya nkhondo, itachita makwinya, n'kuwapatsa m'manja. Ankasimba mosakweza mawu, ndipo adzukulu omwe mwina anaimva nkhaniyo kambirimbiri anasiya kudya n'kumvetsera. Kenako tonse tinaimirira kuimba nyimbo ya fuko lawo. Mawu sindinkawadziwa, ndinangoima mwaulemu. Palibe amene amayembekezera zoposa pamenepo kwa mlendo.

Ligubo la ku Oslo limayamba 10 koloko. Tinatsika sitima ya mumzinda tisanafike pakati penipeni n'kuyenda pansi, chifukwa masiteshoni apafupi amadzaza. Msewu wa Karl Johans gate, womwe umakwera kulunjika ku nyumba ya mfumu, unali utadzaza mbali zonse ziwiri. Kenako zinayamba. Masukulu oposa 100, iliyonse ndi nsalu yake yaikulu ya dzina patsogolo, gulu la malipenga, ana akuluakulu onyamula mbendera zazitali, kenako kalasi ndi kalasi, aphunzitsi ali m'mbali. Mmodzi amafuula "hipp hipp", onse n'kuyankha "hurra", ndipo makolo a m'mbali mwa msewu amayankha nawo. Ana sanali pa mzere wowongoka ayi. Ena ankaimba, ena ankacheza, ena atatopa ankangokoka miyendo, ena anali pa njinga za olumala anzawo akuwakankha. Kankapezeka kamwana kotuluka pa mzere kuthamangira agogo ake kuti awapsompsone, n'kubwereranso. Panali ana a makolo ochokera ku Somalia, Pakistan, Poland, Eritrea, ena atavala hijabu, mbendera ya Norway ili m'manja.

Ligubolo limadutsa pa Storting, pomwe mtsogoleri wa nyumbayo amaima pakhonde kupereka moni. Chaka chimenecho anali Masud Gharahkhani, yemwe anabadwira ku Tehran n'kubwera ku Norway ali mwana. Kenako limakwera mpaka pa bwalo la nyumba ya mfumu. Kumeneko Mfumu Harald V, Mfumukazi Sonja ndi banja lawo amakhala pakhonde la m'mwamba kubayibitsa ana kwa maola pafupifupi atatu, mwambo womwe anauyamba Mfumu Haakon VII mu 1906. Asilikali olondera mfumu amakhalapo ndi bandi yawo, koma akasinja ndi mizinga sizioneka, nsalu za chipani kulibe, ndipo palibe amene amakuimitsani padzuwa kuti mumvere zolankhula za maola awiri. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anawo sanabwere kudzasangalatsa mfumu. Ankangodutsa mumzinda wawo, ndipo akuluakulu onse, kuyambira mfumu mpaka kholo, ntchito yawo inali kuwaombera m'manja.

Ndili chiimire pamenepo maganizo anapita kwathu. Amayi anga amasimba za nthawi ya Kamuzu, mmene ana asukulu ankadzukira mbandakucha kwa masabata kukayeserera zoti akaonetse atsogoleri pa sitediyamu. Ine ndinakulira nthawi ya zipani zambiri, ndipo 6 Julaye ndinkamumvera pa wailesi: perete wa asilikali ndi apolisi, magule, zolankhula za pulezidenti, kenako mpira, zonse mumzinda umodzi. Kumudzi linali tsiku ngati lina lililonse. Ndinakumbukiranso 6 Julaye 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa zipata za Bingu National Stadium akufuna kulowa kukaonera mpira wa chikondwerero. Ana amenewo ankafuna chimodzimodzi chimene ana a ku Oslo anali nacho pamaso panga, kukhala nawo pa tsiku la dziko lawo. Ndinalira pang'ono, ndipo mnzanga sanandifunse, anangondigwira paphewa.

Deti lomweli lilinso ndi nkhani kwathu, ndipo ndinawauza agogo aja madzulo ake. Pa 17 Meyi 1994 Amalawi anaponya voti pa chisankho choyamba cha zipani zambiri patatha zaka 30 za ulamuliro wa Kamuzu, ndipo malamulo atsopano oyendetsera dziko anayamba kugwira ntchito tsiku lotsatira. Ndi ana angati kwathu amene amalidziwa tsiku limeneli? Wina anena kuti Norway ikhoza kuchita zonsezi chifukwa ili ndi ndalama za mafuta. Zoona, ndalama zilipo. Koma mafuta anapezeka mu 1969, pomwe ligubo la ana linayamba mu 1870, nthawi imene anthu a dzikolo ankathawira ku America kukafuna moyo wabwino. Kuti ana a sukulu ya kumudzi ayende ndi ng'oma ndi mbendera kuchokera pa sukulu kufika pa bwalo la mfumu yawo, makolo akululutira, sizifuna mafuta.

Sindikufuna mupite ndi chithunzi cha dziko lopanda banga, ndipo eni ake enieni sabisa. Malamulo aja a mu 1814 ankaletsa Ayuda kulowa m'dzikomo. Mlakatuli Henrik Wergeland, yemwe dzina lake limatchulidwa kwambiri pa 17 Meyi, analimbana ndi ndime imeneyo mpaka anamwalira mu 1845, ndipo inachotsedwa mu 1851. N'chifukwa chake m'mawa wa tsikuli Ayuda a mu Oslo amakaika nkhata pa manda ake. Ansembe a Chijezuiti analoledwa mu 1956. Amayi onse anapeza ufulu wovota mu 1913. M'khamumo mudzaonanso anthu a mtundu wa Sami, eni nthaka akale a kumpoto kwa dzikolo, atavala zovala zawo zowala, ena atanyamula mbendera yawoyawo. Boma linakhala zaka zambiri likuwakakamiza kusiya chiyankhulo chawo, mpaka Mfumu Harald inapepesa mu 1997. Nkhani zawo sizinathe: mu Febuluwale ndi Malichi 2023 achinyamata a mtunduwu anatseka makomo a maunduna mu Oslo chifukwa cha makina a magetsi a mphepo omwe anamangidwa pa malo odyetsera ziweto zawo ku Fosen. Ndipo mu 1999, Rubina Rana, mayi wobadwira ku Pakistan, atasankhidwa kutsogolera komiti yokonza 17 Meyi mu Oslo, analandira makalata omuopseza. Anayendabe patsogolo pa ligubo.

Inenso ndinakumana nazo pang'ono. Pobwerera, bambo wina woledzera anandiloza n'kunena m'Chingelezi kuti mbendera ndanyamulayo si yanga. Mnzanga asanatsegule pakamwa, mayi wina wosatidziwa, atavala bunad yake, anamuyankha m'chiyankhulo chawo mawu ochepa koma akuthwa, ndipo bamboyo anachoka. Zinandipweteka, sindinama. Koma anali mmodzi pakati pa anthu ambirimbiri omwe tsiku lomwelo anandipatsa moni. Zikakuchitikirani musalimbane naye, sunthirani kumene kuli mabanja ndi ana. Pa nkhani yonyamula mbendera ya Malawi, eni dziko akhala akutsutsana okhaokha kwa zaka ngati mbendera za mayiko ena zili ndi malo pa tsikuli. Maganizo anga ndi akuti tsikuli ndi lawo, ndiye m'manja nyamulani yawo. Za kwanu zionekere pa chovala. Mbenderayo musaikhweke pansi kapena kuisiya pa msewu, amaisamala kwambiri.

Gawo lomwe ndinalikonda koposa silinali la pa Karl Johans gate. Masana tinapita pa sukulu ya pulayimale ya mng'ono wake wa mnzanga, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona mmene tsikuli limayendera. Boma silikonza zimenezi. Amakonza ndi makolo, ngati dima wa kwathu: wina waphika keke, wina akuwiritsa masoseji, wina akuyang'anira masewera, wina adzasesa pomaliza, ndipo ndalama zopezeka zimathandiza bandi ya sukulu kapena ulendo wa kalasi. Bambo wa suti ndi tayi ankatola zinyalala. Zolankhula za tsikulo anapereka ndi ana awiri a kalasi yomaliza, mphindi zochepa chabe, za ufulu ndi za ana a ku Ukraine omwe anali atabwera pa sukulu yawo kuthawa nkhondo. Kenako masewera: kuthamanga miyendo ili m'thumba, kuthamanga ndi mbatatesi pa supuni, kugwetsa zitini ndi mpira, kukhoma msomali pa chipika. Chakudya chake ndi soseji wokulungidwa m'kachapati kopyapyala ka mbatatesi kotchedwa lompe, ndi ayisikilimu. Pa tsiku limeneli mwana saletsedwa ayisikilimu, ndipo ana amapikisana kuti wadya angati. Ena ankathamangira ma russ kupempha timakhadi tawo ta chithunzi ndi nthabwala, tomwe ana amatolera n'kumasinthana. Amayi aja anandipatsa epuloni n'kundiimika pa tebulo la makeke. Kugawa keke kwa ola limodzi kunandidziwitsa anthu ambiri kuposa miyezi yonse ya m'kalasi. Mukaona ntchito, pemphani kuthandiza. Anthu a ku Norway amamasuka msanga mukamagwira nawo ntchito kusiyana ndi pongocheza.

Pa matebulo amenewa ambiri amalipira ndi Vipps, njira yolipirira pa foni yomwe imafuna akaunti ya banki ya ku Norway, ndipo wophunzira wa miyezi yochepa nthawi zambiri sakhala nayo. Tengani khadi ndi ndalama zina zapamanja, kapena gwirizanani ndi mnzanu kuti akulipirireni mudzamubwezere.

Si onse amene amaitanidwa, ndipo izi zimandikhudza. Anzanga ena ochokera kumayiko ena anakhala m'zipinda tsiku lonse akumva malipenga pawindo, ndipo mmodzi anandiuza kuti linali tsiku lomwe anasungulumwa kwambiri chifikireni. Ngati palibe amene wakuitanani pofika sabata yachiwiri ya Meyi, musadikire. Funsani kwa mabungwe a ophunzira ochokera kunja, nthawi zambiri amakonza kadzutsa wa onse. Apo ayi konzani nokha ndi anzanu a m'khitchini, aliyense abwere ndi mbale, ndipo muitane Mnorway mmodzi kapena awiri omwe kwawo ndi kutali. Komanso simufunika kupita ku Oslo. Tauni iliyonse, ngakhale mudzi waung'ono, uli ndi ligubo lake, ndipo khonsolo imalengeza pa intaneti nthawi ndi njira yake. Bwalo la sukulu masana ndi lotsegukira aliyense, palibe wofunsa kalata pa geti. Mukasankha Oslo, nyamukani msanga, onani pa tsamba la Ruter, kampani yoona za maulendo mu Oslo, mmene mabasi ndi masitima asinthira chifukwa misewu ya pakati imatsekedwa, panganani ndi anzanu malo okumana mukasochera, ndipo dziwani kuti zimbudzi zimakhala ndi mizere yaitali. Valani zoti mukhoza kuvula kapena kuwonjezera, chifukwa Meyi wa kumeneko amatha kukupatsani dzuwa, mphepo ndi mvula tsiku limodzi. Ligubo lonse mukhoza kulijambula, koma mwana wa eni osamujambula pafupi musanapemphe kholo. Dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye n'zosavuta kuiwala nthawi pomwe mayeso akudikira.

Chomaliza ndi kubweza. Ambiri a ife timabwerera kwathu mu Juni, 6 Julaye asanafike, ndiye musadikire tsiku limenelo. Ine ndinapempha khitchini ya amayi aja Loweruka lina ndisananyamuke. Ufa woyera wa chimanga ndinaupeza m'masitolo a anthu obwera ku Grønland, mu Oslo momwemo. Ndinaphika nsima, nyemba, nkhuku, ndi masamba otendera ndi chiponde pakuti nsinjiro panalibe. Ndinawathirira madzi osamba m'manja mmodzimmodzi kuyambira kwa agogo, ndipo onse anadya ndi manja. Nthawi ino wosimba ndinali ine: za Nyasaland, za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, za 3 Malichi 1959, za riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Agogo anakakamira pa nkhani ya John Chilembwe ndi kuukira kwa mu 1915, anafunsa mafunso mpaka khofi anazizira, kenako anandipatsa pepala kuti ndiwalembere dzinalo akalifufuze ku laibulale.